Chithunzi Chimene Anachisale Adapempha

Dorica adabadwira m'mudzi wina chakumunsi kwa Golomoti, kumene dzuwa la mu Okutobala limawotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Adali mwana woyamba wa Anachisale, mayi wamasiye amene ankalima mpunga ku Bwanje ndi kuyimba kwaya ya amayi ku tchalitchi cha Katolika. Sukulu Dorica adalekezera Fomu 2, ukwati adaulekezera pa mwana mmodzi. Mwamuna wake Luka adatsanzika kuti akukagula matayala a njinga ku Salima, ndipo mpaka lero matayalawo sadafike. Iye adatsala ndi kamwana kake, Sharon, ndi khasu.

Mu 2012 adakwera basi ya ku Joni. Tsiku lonyamuka amayi ake adamuperekeza mpaka pa msewu wa tala, Sharon ali kumbuyo kwawo. Sadalire, sadamupatse malangizo ambiri. Adangomugwira pamkono n'kunena kuti:

"Ukupita kukagwira ntchito, mwanawe. Anthu a pano ali ndi pakamwa. Asadzanene kuti mwana wa Anachisale adatchona, kapena kuti akuchita zosadziwika kumeneko. Udzabwere ngati mmene ukupitiramu."

Mawu amenewo Dorica adawasunga kuposa pasipoti. Ena amapita ku Joni kufuna galimoto, ena golosale. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha: kudzabwerera kwawo dzina lake lili loyera, n'kudzakhala pakhonde la amayi ake popanda womuloza chala.

Ntchito adakaipeza ku Kepu, m'nyumba ya azungu ena a ana atatu ndi agalu awiri. Adamupatsa kachipinda kuseri kwa galaja. Kuyambira Loweruka m'mawa kufikira Lamlungu madzulo nthawi idali yake, ndipo vuto lidali lomwelo, poti kwawo munthu saphunzitsidwa chochita ndi nthawi yotere. Azungu akewo Loweruka lililonse ankalawirira kukakwera phiri. Poyamba Dorica ankayesa kuti akukatola nkhuni, kapena mwina kuli bowa. Koma ankabwerako chimanjamanja, thukuta lili kamukamu, akusangalala ngati apha nyama. Tsiku lina madamu adamufunsa ngati angakonde kupita nawo. Dorica adathokoza mwaulemu. Mumtima ankati phiri adakwera lokwanira ali mtsikana, pamene ankakwera Khwekhwelere wapansi, thumba la mpunga lili pamutu, ndipo panalibe amene ankamujambula.

Anthu akwawo nawo adali ndi machezedwe awo. A ku Mtakataka, a ku Mua ndi a ku Golomoti ambiri ankakhala ku Capricorn, m'tinyumba ta malata, ndipo adali ndi bungwe lawo lothandizana pa maliro. Tcheya wake adali a Petulo, bambo wa imvi wa ku Mtakataka amene adatha zaka makumi awiri akudulira maluwa a eni. Ndiwo ankaweruza timilandu, ndiwo ankadziwa mwambo, ndipo ankakonda kuti anthu azidziwa kuti amaudziwa. Kamodzi pa miyezi iwiri bungweli linkachita hayala minibasi kupita kunyanja yamchere. Ankanyamula mbaula, nyama yothira kale tsabola, zakumwa ndi chisipika chachikulu. Munthu amene sabata yonse watsuka zimbudzi za eni, tsiku limenelo ankavala magalasi akuda n'kuima pafupi ndi galimoto ya munthu wosamudziwa kuti amujambule. Sitingawanene. Munthu amafuna tsiku limodzi lokumbukira kuti naye ali ndi thupi lake.

Dorica sankapitako. Anzake adamupatsa dzina loti Asisitere, iye n'kumangomwetulira. Loweruka ankachapa, n'kuthirira mpiru ndi bonongwe zimene adadzala m'zidebe kuseri kwa galaja. Lamlungu ankapita ku Misa, pobwerako n'kuluka tsitsi la anzake, kenako n'kuyimba foni ya mng'ono wake Tamanda kuti alankhule ndi amayi. Sikuti sankasirira ayi. Nthawi zina Loweruka masana, nyumba yonse ili zii, agalu okha akumuyang'ana, ankasungulumwa mpaka kuyamba kusita zovala zosita kale. Koma ankadziwa zimene chithunzi chimachita chikafika kumudzi. Mwana wa a Rozi, oyandikana nyumba ndi amayi ake kumudziko, adatumiza chake atavala thalauzi, botolo la chakumwa chozizira lili m'manja. Pofika kuchigayo chakumwacho chidasanduka mowa, pofika pamjigo mtsikanayo adasanduka woyendayenda. A Rozi adatha chaka akuyenda mozemba.

Zaka zisanu ndi ziwiri zidatha motero. Kumudzi adapitako kawiri. Pakhomo pa Anachisale padaima nyumba ya njerwa zowotcha, yofolera malata, ndipo Sharon ankapita kusukulu atavala nsapato. Dzina la Dorica lidali loyera mbee. Ngakhale amalume ake, a Jeremiah, amene sayamikira munthu wamoyo, ankamutchula polangiza ana ena.

Koma Anachisale adayamba kufooka. Miyendo inkatupa, kuchipatala ankangopitapita. Lamlungu lina mu Okutobala wa 2019, atafunsana za mvula ndi za mbuzi, mayiyo adafunsa funso limene Dorica sadaliyembekezere.

"Dorica, kodi iwe kumeneko umaseka?"

"Kuseka kotani, amayi?"

"Zithunzi zako zonse Tamanda wandionetsa. China uli ndi epuloni. China uli pakhomo la tchalitchi, nkhope ili ndwii ngati akukuimba mlandu. Ana a anzanga akutumiza ali kunyanja, mano ali pamtunda."

"Si inu nomwe munati ndikagwire ntchito?"

"Ndinanena, inde. Koma sindinati ukakalambire m'khitchini mwa eni. Upite ukaione nyanja yamchereyo. Ukajambulitse ukuseka, ndikuone. Unditungireko ndi madzi ake m'botolo, akuti amathandiza miyendo."

Dorica adaseka pafoni pomwepo, koma atadula adakhala pabedi nthawi yaitali. Sabata yotsatira adakalembetsa dzina lake pa ulendo wa mu Novembala. Amayi a ku Capricorn adaimba nthungululu kuti Asisitere atuluka m'konventi. Adagula diresi lachikasu, loyamba m'moyo wake logula osaganizira za kutchalitchi.

Anachisale adamwalira Lachisanu masana, tsiku limodzi ulendowo usanachitike.

Tamanda adafuna kuyimba foni nthawi yomweyo, koma a Jeremiah adamuletsa. Kwathu munthu amene ali yekha kutali sauzidwa maliro pafoni. Angakomoke popanda womugwira, angathamangire mumsewu wa magalimoto. Pamafunika munthu wamkulu amene ali naye pafupi, amulowetse m'nyumba, amukhazike pansi, amayi awiri atatu ali pambali pake, kenako amuuze bwinobwino. Mwambo wake ndi wachifundo, ndipo palibe angautsutse. Choncho Dorica atayimba madzulo a tsikulo, foni idangoitana. Patapita nthawi kudabwera uthenga wa Tamanda woti foni yatha moto, alankhulana mawa. A Jeremiah adayamba kusakasaka nambala ya a Petulo, ndipo adawapeza Loweruka m'mawa. Adawauzanso kuti chifukwa cha kutentha thupi silingadikire, maliro aikidwa tsiku lomwelo masana.

Foniyo idawapeza a Petulo ali pamsewu, minibasi ikulira, mbaula atamangirira kale, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi akukanganirana mipando ya pawindo. Dorica adali atakhala kale kumbuyo ndi diresi lake lachikasu, botolo lopanda kanthu lili pamiyendo. A Petulo adamuyang'ana, adayang'ana nyama ili m'beseni, adayang'ana dalaivala amene ankaloza wotchi. Kenako adaitanira pambali akazi awo a Katerina n'kuwanong'oneza.

"Pamsewu sitinenerapo zotere. Tikabwerako, timukhazike pansi m'nyumba monga mwa mwambo. Ngakhale timuuze pano, ku Golomoti sangakafike lero."

Zonse zimene adanenazo zidali zoona. Koma nyumba yawo idali mayadi makumi atatu kuchokera pamene adaimapo, ndipo chimene chidawalemera a Petulo sichidali mwambo ayi. Idali nyama ija.

Tsiku lonse a Katerina sadachoke pambali pa Dorica. Ankamusankhira nthuli zonona, kumufunsa ngati akumva kuzizira, kumukonzera mpango. Dorica adayesa kuti amatero ndi aliyense wobwera koyamba, ndipo adadziimba mlandu kuti adatayiranji zaka zonsezi kutalikirana ndi anthu abwino chotere.

Nyanja ija idamuopsa. Ya kwawo ankaidziwa, koma iyi inkabangula, mphepo yake inkakankha munthu. Anzake adamukokera m'madzi, ndipo atamugwira m'mawondo adakuwa ndi kuzizira kwake, kenako adayamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka misozi. Adalawa madziwo n'kulavula, onse n'kufa nacho chiseko. Adadya ayisikilimu amene ankasungunukira m'zala. Chisipika chitayamba nyimbo za kwawo, adavula nsapato n'kuvina pamchenga ngati mmene ankavinira chimtali ali mtsikana, anthu n'kudabwa kuti Asisitere chiuno chotere ankachibisa kuti. Tinene zoona, tsiku limenelo Dorica adasangalala. Pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi tsiku lokhalo limene adaiwala kuti ndi wantchito.

Cha m'ma wani koloko adadzaza botolo lake, n'kupita kwa a Petulo amene adangokhala pamwala osadya bwino.

"Atcheya, inu simunamwe, manja anu sanjenjemera. Tandijambulani. Ndi cha amayi chimenechi, anachita kupempha."

A Petulo adalandira foniyo. Adajambula, chithunzi n'kutuluka bwino. Dorica adaima nyanja ili kumbuyo, diresi lachikasu litanyowa m'munsi, dzanja lina botolo la madzi, lina ayisikilimu, mano onse ali pamtunda.

"Mudzatumize mawa, amake Sharon," adatero a Petulo ndi mawu otsika. "Kuno netiweki imavuta."

"Ilipo yodzadza, atcheya, onani."

Pamenepo mawu amodzi akadakwanira. Dorica adatumiza chithunzicho pa gulu la pafoni la abale, mmene mudali anthu oposa makumi anayi, asuweni, azilamu ndi ena ongolowetsedwa. Adawonjezera ndi mawu ojambula, nyimbo ikugunda kumbuyo: "Tamanda, uwaonetse amayi! Uwauze kuti ndafika, ndikudya ayisikilimu, ndikuvina!"

Nthawi imeneyo ku Golomoti adzukulu adali atabwerako kokumba manda, bokosi lili pabwalo, kwaya ya amayi itangomaliza nyimbo. Msuweni wina adatsegula uthengawo osatsitsa mawu a foni. Chiseko cha Dorica chidamveka pamaliro a amayi ake kuyambira kwa azimayi mpaka kumene kudakhala amuna. Foniyo idayenda m'manja m'manja, pansi pa zitenje, ndipo pamene bokosi linkanyamuka aliyense adali ataliona diresi lachikasu.

Dorica adaona kuti uthenga wake awuona anthu ambiri, koma palibe adayankha. Adaganiza kuti ndi nsanje ya kumudzi, n'kubwerera kukavina.

Adafika ku Capricorn dzuwa likadalipo. A Katerina adamupempha kuti alowe amwe tiyi asanakwere sitima. Atalowa adapeza mipando aikankhira kukhoma, pansi atayala mphasa, amayi atatu atakhala kale, atamanga zitenje pamwamba pa zovala za kunyanja. Palibe mwana wa kwathu amene sadziwa tanthauzo la mphasa yotere. Adakhala pansi yekha. A Petulo adakhosomola, n'kuyamba monga mwa mwambo, pang'onopang'ono, za matenda, za chifuniro cha Mulungu. Adalankhula bwino kwambiri. Dorica adadikira mpaka amalize.

"Amwalira liti?"

"Dzulo masana."

"Aika liti?"

"Aika kale. Lero lomwe."

"Inu mwamva nthawi yanji, atcheya?"

A Petulo adayang'ana akazi awo, akazi awo adayang'ana mphasa.

"M'mawa."

"Musanandijambule?"

"Mwambo wake, amake Sharon. Pamsewu sitinenerapo. Tinati tikukhazikeni pansi kaye."

Dorica adawayang'ana, mchenga udakali kumapazi kwake. Kenako adafunsa mofatsa, ngati akufunsa za mvula.

"Nanga nyama ija inakoma?"

Kulira kudabwera pambuyo pake, ndipo amayi aja adamugwira monga mwambo umanenera. Pa zimenezo sadalakwitse kanthu.

Kumudzi amene ankadziwa zoona adali a Jeremiah, Tamanda ndi ena ochepa. A Jeremiah adafotokozako kamodzi, chapansipansi, kwa amuna anzawo. Koma kufotokoza kulibe miyendo ngati chithunzi. Pofika sabata yotsatira chidali chitafika ku Mtakataka ndi ku Mua, m'mafoni a anthu amene Dorica sankawadziwa n'komwe. Ena ankati adauzidwa koma sadasamale. Ena adapita patali: mwana amene amavina tsiku loika mayi ake ndiye kuti ankaidziwa imfayo isanachitike. Nyumba ya malata ija mukuyesa idangogwa kumwamba? Nanga botolo lili m'manjalo ndi la chiyani? Amene adatsogolera nyimbo imeneyi adali a Rozi, omwe aja adayenda mozemba chaka chathunthu. Mwina mtima wawo udapepukako kuona kuti tsopano pakamwa pa mudzi patembenukira pakhomo lina. Sharon kusukulu anzake ankamuvinira akamadutsa.

Dorica sadathe kupita msanga. Mapepala ake adali atatha, Disembala alendo adadzaza nyumba ya azungu, kenako kudabwera mliri uja wa korona n'kutseka malire. Zaka ziwiri adakhala kuseri kwa galaja. Ku bungwe adasiya, kunyanja sadapondekonso. Diresi lachikasu adaling'amba n'kumakolopera. A Petulo adapitiriza utcheya wawo, ndipo akakumana naye pakhomo la tchalitchi ankavula chipewa mwaulemu waukulu. Chithunzi chija Dorica sankachiyang'ana, koma kuchifufuta kunkamukanika. Chidali cha amayi ake, sichidali chake.

Adafika ku Golomoti kumapeto kwa Okutobala wa 2021, osabwereranso. Anthu adabwera kudzamulonjera, poti moni sakaniza, koma ankakhala m'mphepete mwa mphasa, ndipo tiyi amene adawapatsa ena ankangomugwira mpaka kuzizira. Akafika pamjigo nkhani zinkatha. Tsiku lachitatu adapita kwa amalume ake, adagwada patali monga adaleredwera.

"Amalume, ndapota nanu. Lamlungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi, muime pamaso pa anthu munene kuti ine sindinkadziwa. Munene kuti ndinu munaletsa Tamanda."

A Jeremiah adapukusa mutu.

"Zinapita zimenezo, usazidzutse. Ukufuna ndikaime pagulu ndinene kuti ndinalakwa potsata mwambo? Ndi a Petulo omwe tiwachititse manyazi, munthu wamkulu ngati uja? Anthu adzaiwala okha."

Anthu a kwathu amaiwala amene adawapatsa mbewu chaka cha njala, koma chotere saiwala. Dorica ankadziwa zimenezo, ndipo amalume akenso ankadziwa.

Madzulo ake Tamanda adamupatsa buku la nyimbo la amayi awo. Mkati mwake mudali zithunzi zisanu ndi chimodzi zimene mayiyo adatsukitsa ku Golomoti: Dorica ndi epuloni, Dorica pakhomo la tchalitchi, Dorica pafupi ndi zidebe za mpiru. Pa zonsezo panalibe ngakhale chimodzi chimene ankaoneka dzino.

"Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi, anandifunsa," adatero Tamanda akuyang'ana pansi. "Anati, chithunzi cha kunyanja chija chafika? Ndinati Loweruka. Anati chabwino, ndidikira. Achemwali, ndikhululukireni. Foni inali ndi moto."

Dorica adatseka bukulo. Botolo la madzi amchere lija adabwera nalo, lidayenda naye mayiko atatu. Tamanda adamupempha kuti asalisunge m'nyumba, anthu angalione. Dorica adakalitaya kudzala.

Kumayambiriro kwa Novembala Akatolika amapita kumanda kukalambula ndi kukapempherera akufa awo. Dorica adapita nawo, khasu lili paphewa, chitenje chakuda. Tamanda adamulozera mtumbira umene udali ndi mtanda wachitsulo, dzina la amayi awo litalembedwa ndi penti woyera. Aka kadali koyamba kuuona. Adalambula udzu wonse, adakwezera dothi m'mbali, adazula ndi manja timaudzu ta pafupi ndi mtanda. Amayi ena ankalambula manda a abale awo chapafupi, maso ali kwa iye.

Atamaliza adagwada. Adapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa foni. Adafufuza mpaka adachipeza: nyanja kumbuyo, diresi lachikasu, mano onse pamtunda. Adachiyang'ana koyamba m'zaka ziwiri, ndipo adaona kuti mayi wa pachithunziyo adali wokongola ndithu. Kenako adatembenuza foniyo, n'kuilozetsa kumtanda, ataigwira ndi manja awiri monga mmene mwana amaperekera chinthu kwa wamkulu.

"Amayi, ndi chimenechi munapempha chija," adanong'ona. "Onani. Ndinaseka."

Kumbuyo kwake makasu adasiya kulira. Padamveka mawu a a Rozi, osakweza, koma okwanira kuti manda onse amve.

"Taonani. Wayambanso kujambula."

Dorica adamva. Foni sadaitsitse, adadikira kuti amayi ake aone bwinobwino.